Mchinji Boma ndi malo amene anthu ake akhala akukumanirapo

Anthu ambiri oyenda pa msewu wa M12 kuchokera ku Lilongwe amaona Mchinji Boma ngati malo ongodutsapo, chifukwa akayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 110 n'kufika pabomapo, maganizo awo amakhala ali kale pa chipata cha Mwami ndi ku Chipata kutsogoloko. Ife obadwira kuno tauni imeneyi timaiona mwa mtundu wina. Ndikamaganizira mbiri yake, ndimapeza kuti pafupifupi chilichonse chachikulu chimene chinamangidwa pano chinaganiziridwa ndi anthu akutali pa zifukwa zawo, pamene malo amene anthu a kuno akhala akusonkhanapo mwa kufuna kwawo ndi ena ndithu, ndipo ambiri mwa iwo palibe amene anayamba wawajambula pa pepala.

Boma lisanakhaleko, dziko lino linali la midzi ya Achewa, ndipo dzina la mfumu Mkanda linali lodziwika kale kuchokera kumapiri kumene mtsinje wa Bua umayambira mpaka kutsidya kumene lero timakutcha Zambia. Mudzi uliwonse unali ndi bwalo lake, kawirikawiri pansi pa mtengo wa mthunzi wabwino, pamene mfumu ndi nduna zake ankaweruzira milandu ya minda, ya maukwati ndi ya ziweto zodya mmera wa eni. Pabwalo pomwepo ndi pamene gule wamkulu ankatulukira pa maliro ndi pa chinamwali, atachokera kudambwe kumene munthu wosameta sankafikako. Anyamata ankagona ndi kulangizana kumphala, amayi ankamvera nkhani za m'mudzi pamtondo ndi kuchitsime. Kenaka kunabwera Angoni a Mpezeni, ana a gulu lija linawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo kubwera kwawo kunasokoneza midzi yambiri. N'chifukwa chake mpaka lero m'boma limodzi lomweli tili ndi mafumu a Chichewa pamodzi ndi mafumu a Chingoni monga Zulu ndi Mlonyeni, ndipo pa chisangalalo chimodzi mukhoza kuona chimtali, ingoma ndi gule wamkulu zikulandizana bwalo.

Tauni yeniyeniyo inayamba ndi nkhondo. Kumayambiriro kwa chaka cha 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, nawagonjetsa, kuwalanda ng'ombe zambiri ndi kupha Nsingo, mwana wa mfumuyo, amene ankatsogolera ankhondo. Linga limene Angerezi anamanga mbali ino analitcha Fort Manning potsata dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, ndipo kutsidya kunakula tauni ya Fort Jameson imene tsopano ndi Chipata. Dzina lakuti Mchinji linabwezeretsedwa dziko litalandira ufulu, ngakhale kuti agogo anga aamuna mpaka imfa yawo ankanenabe kuti akupita ku Fort Manning akafuna kukaonana ndi akuluakulu a boma.

Boma la nthawi imeneyo linali malo osonkhanirako anthu, koma munthu sankapitako ndi mtima wosangalala. Kumeneko n'kumene ankakapereka msonkho wa nyumba, n'kumene mesenjala ankakusiya ukaitanidwa pa mlandu umene wakanika kwa mfumu, ndiponso n'kumene amuna ankalembedwa kuti akasenze katundu wa asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ntchito yowawa ija ankaitcha mtengatenga. Msonkho womwewo ndi umene unatulutsa anyamata ambiri m'midzi kupita ku Halale ndi ku Joni, chifukwa ndalama yolipirira inalibe kwina kochokera. Obwerako ankabwera ndi njinga, majekete ndi makina osokera, ndipo makonde a masitolo, pamene atelala ankakhala ndi makina awo, anasanduka malo oyamba a pabomapo amene munthu ankatha kungokhalapo n'kumacheza popanda womuitana. Akuluakulu amanena kuti nkhani za ndale za Nyasaland African Congress zinkanong'onedwa m'makonde oterewa nthawi yaitali zisanayambe kulankhulidwa poyera pa misonkhano.

Amishoni nawo anabweretsa malo awo. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, pafupi kwambiri ndi malire, ndipo mu 1939 pamalopo panatsegulidwa seminale yaikulu imene inaphunzitsa ansembe a mbali zonse ziwiri, Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Pambuyo pake kunadza mishoni za Guilleme ndi Ludzi, komanso mipingo ya Nkhoma Sinodi inafalikira m'midzi. Phindu la mishoni pa moyo wa anthu silinali m'tchalitchi mokha. Pamishoni panali sukulu, chipatala ndi bwalo la mpira, ndipo Lamulungu mapemphero akatha anthu sankafulumira kubwerera kwawo, popeza pamenepo ndi pamene uthenga wa matenda, wa chinkhoswe kapena wa munthu wobwera kuchokera kumigodi unkapatsirana kuchokera mudzi wina kupita mudzi wina. Pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika a m'dziko muno, anthu a kuno anaimvera m'nyumba zomwezi, ndipo amene analipo amakumbukira kuti tsiku limenelo ambiri anatuluka mwakachetechete, osaima n'komwe pakhomo monga mwa chizolowezi.

Koma m'maganizo mwanga, malo amene anaumba Mchinji kuposa ena onse ndi pamsika wa mbewu, pamene panali sikelo. Dera lino ndi la mtedza, fodya ndi chimanga, ndipo atsamunda atakhazikitsa bungwe loyang'anira fodya la Native Tobacco Board mu 1926, m'kupita kwa nthawi mlimi wamng'ono anayamba kugulitsa zokolola zake pa msika umene boma lasankha, pa tsiku limene boma lasankha ndi pa mtengo umene boma lasankha. Bungwelo linasintha maina kangapo mpaka mu 1971 linakhala ADMARC, koma kwa mlimi zinthu zinali zomwezo. Nyengo ya msika ikafika, ngolo za ng'ombe zinkanyamuka usiku kuti zikagwire mzere, ndipo anthu ankatha kugona pamenepo kudikira kuti kalaliki awayezere matumba awo. Kudikira kumeneko ndiye kunabala malonda ena onse. Amayi ankabwera ndi thobwa, zitumbuwa ndi mbatata yophika, wina ankatsegula tiyirumu ya udzu, wina ankaika bawo pansi pa mtengo, ndipo wofulula masese ankadziwa kuti madzulo anthu akhala ndi ndalama m'thumba. Malo ambiri a malonda a m'boma lino, monga Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi Waliranji, ali ndi mbiri yofanana ndi imeneyi: pamene panali sikelo ndi mphambano ya msewu, m'kupita kwa nthawi panadza golosale, chigayo, malo ogona alendo ndi tchalitchi. M'zaka za m'ma 1970 minda ikuluikulu ya fodya wa bale inachuluka, ndipo inakoka matenanti ochokera kumwera monga ku Mulanje ndi ku Thyolo, kotero kuti pa misika yathu panayamba kumveka Chilomwe ndi Chiyao pakati pa Chichewa. Alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima bale mpaka cha m'ma 1990, ndipo anthu ambiri a msinkhu wa bambo anga amaikumbukirabe nkhani imeneyi ndi mkwiyo.

Za misonkhano ya chipani m'nthawi ya Kamuzu Banda sindinenapo zambiri. Anthu ankadzaza bwalo, amayi ankavina atavala nsalu za chipani, koma aliyense ankadziwa kuti pa chipata cha msika pakhoza kuima anyamata ofunsa khadi, ndipo wopanda khadi sankalowa. Khamu lobwera mwa njira imeneyo silitiuza zambiri za kumene anthu ankakonda kukumana.

Nkhani ya njanji ndiyo imaonetsa bwino kusiyana kwa malo omangidwa ndi boma ndi malo osankhidwa ndi anthu. Njanji yochokera ku Salima kudzera ku Lilongwe inafika ku Mchinji mu 1980 ndi thandizo la dziko la Canada, ndipo cholinga chinali chakuti ilumikizane ndi Zambia kuti katundu wa kumeneko azidzera kuno popita kunyanja yamchere. Siteshoni inamangidwa yooneka bwino, ndipo anthu anayembekezera kuti tauni ikulira mbali imeneyo. Koma mbali ya Zambia inachedwa zaka makumi atatu, popeza njanji yofika ku Chipata inatsegulidwa mu 2010, ndipo pa nthawi yonseyo Mchinji anali pothera njanji, malo amene sitima inkafika n'kubwerera. Nkhondo ya ku Mozambique nayo inatseka njira za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, choncho ngakhale njanjiyo ikanalumikizidwa msanga, katunduyo sakanafika kudoko. Pamene minibasi zinachuluka pa msewu wa phula, anthu anaiwala za sitima. Lero mukafuna kuona khamu musapite kusiteshoni. Pitani kudepoti, kumene oitanira minibasi, anyamata a kabaza, okazinga tchipisi cha mbatata ya kachewere yolimidwa m'madimba a komwe kuno ndi ogulitsa mayunitsi amapanikizana kuyambira m'bandakucha. Palibe amene anakonza kuti mtima wa tauni ukhale pamenepo, ndipo malowo ndi opanikizika, a fumbi m'chilimwe ndi a matope m'dzinja, komabe munthu wofuna kumva mtengo wa soya, kapena kudziwa amene wamangidwa usiku wathawu, amakamvera kumeneko nkhaniyo isanafike pa wailesi ya Mudzi Wathu.

Sikelo nayo inachoka m'manja mwa boma. Kuchokera pamene malonda a mbewu anatsegulidwa kwa anthu wamba mu 1987, mavenda anayamba kupachika masikelo awo pa mitengo m'mbali mwa msewu, ndipo mashedi ambiri a ADMARC anayamba kukhala chete. Sindikunena kuti kale zinali bwino, chifukwa mitengo ya nthawi ija inali yofinya mlimi, koma lero mlimi amagulitsa yekhayekha, thumba limodzi kapena awiri, kwa venda amene sikelo yake palibe waiyesa, ndipo mwayi uja wokumana alimi mazanamazana pa malo amodzi n'kumafunsana za mbewu ndi mitengo unachepa. Makalabu a alimi ndi magulu a banki m'khonde, amene amakumana pansi pa mtengo kapena m'kalasi ana akaweruka, ndiwo atenga mbali ina ya ntchito imeneyo, ndipo ambiri mwa anthu ake ndi amayi. Achinyamata nawo ali ndi malo awo, timanyumba toonetsera mpira wa ku England, mmene munthu amalipira pakhomo n'kukhala pa benchi, ndipo mkangano wa m'menemo umapitirira mpaka panja.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Mchinji muli anthu oposa 600,000, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo amakhala kumidzi, kumene bwalo la mfumu likugwirabe ntchito yake, makamaka pa milandu ya malo imene yachuluka chifukwa minda yachepa. Malire a dziko nawo sanathe kudula ubale. Mu Disembala 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula nyumba zatsopano za pa chipata cha Mchinji ndi Mwami kuti magalimoto a katundu aziima kamodzi kokha, koma anthu a m'midzi ya m'malire akupitirizabe kudutsa m'tinjira ta m'minda popita kuchigayo, kuchipatala kapena kumaliro a mbale amene manda ake ali kutsidya. Mwezi wa Febuluwale Angoni a kuno amapita ku Mtenguleni, kutsidya ku Zambia, ku mwambo wa Ncwala, umene unazimiririka pambuyo pa nkhondo ya 1898 n'kudzatsitsimutsidwa mu 1980, ndipo kumapeto kwa Ogasiti Achewa amakwera malole kupita ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia komweko, ku mwambo wa Kulamba wolemekeza Kalonga Gawa Undi. Pa masiku amenewo malole odzaza anthu, ng'oma ndi matumba a ufa amandandalika pachipata kuyambira m'mawa, ndipo osintha ndalama amathamanga pakati pawo atagwira makwacha a mayiko onse awiri.