Mmene tidakonzekerera napolo pasukulu pathu

Ndimaphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ina ya pulayimale ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi. Kuno napolo si nthano. Akuluakulu amakambabe za wa mu Marichi 1991 amene adatsika m'phiri ndi zimiyala, ndipo ife tidadzionera tokha mu Marichi 2023 pomwe namondwe Freddy adasakaza ku Nkhulambe ndi madera ena. Mwayi wake boma lidatseka sukulu za m'maboma akummwera zinthu zisanafike poipa. Titatsegulanso, makalasi akununkhabe utsi wa anthu amene adathawiramo, ahedi adatifunsa: "Zikadachitika ana ali m'kalasi, tikadatani?" Tonse tidangoti zii. Ine ndidatsokomola, basi ntchitoyo idagwera ine.

Ndidayamba ndi kuyenda wapansi kuzungulira sukulu yonse pamodzi ndi apampando a VCPC, komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, komanso agogo ena amene adapulumuka mu 1991. Ine mumtima ndidali nditasankha kale bwalo la mpira kuti ndiye pothawira, poti ndi poyera. Agogowo adangoloza pansi ndi ndodo yawo. "Aphunzitsi, mchenga uwu mukuganiza udabwera ndi ngolo? Madzi saiwala khwawa." Bwalo lathulo lili pamene madzi adadutsa kale. Tidasankha kachitunda ka kuseri kwa tchalitchi, kutali ndi mitengo ya bulugamu chifukwa cha mphenzi ndi nthambi zothyoka.

Chachiwiri ndicho chidandidyera nthawi, ndipo ndikuona kuti ndicho mutu wa nkhani yonse. Ndidalemba ana onse m'kope potsata mudzi umene amachokera, osati kalasi, ndipo aliyense wowoloka mtsinje ndidamuika chizindikiro chofiira. Chifukwa chake ndi ichi. Chizolowezi chathu aphunzitsi, mitambo ikada bii kuphiri, timati, "Werukani, thamangani mvula isanakupezeni." Timayesa tikuwachitira chifundo. Koma mvula ikagwa kuphiri, madzi amafika kumtsinje kunoko kusanagwe ngakhale dontho, ndipo mwana wa zaka 7 amene wauzidwa kuti athamange saima pagombe kuti aone kaye. Ndiye tidaika lamulo: wa chizindikiro chofiira sachoka pasukulu mpaka kholo litabwera, kapena wa VCPC atanena kuti powolokera pali bwino.

Makolo sadangolandira. Pamsonkhano wa PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, bambo wina adaimirira n'kunena kuti mwana wake wakhala akuwoloka mtsinjewo kuyambira ali kumsana, ndiye aphunzitsi obwera dzulo asatiphunzitse madzi. Ena adafunsa zomveka: mukawasunga mpaka madzulo adya chiyani? Amayi a mother group, gulu la amayi lothandiza ana pasukulu, adavomera kusunga thumba la ufa wa phala ndi nkhuni mu ofesi ya ahedi. Za bambo aja adazimaliza ndi amfumu, ndi mawu ochepa chabe. Mukamayamba zotere, itanani amfumu musanaitane makolo. Ine ndidachita mosemphanitsa.

Kenako chizindikiro chochenjezera ngozi. Belu lathu ndi rimu ya galimoto yopachika pamtengo wa mango. Tidagwirizana kuti likalira mosalekeza, pamodzi ndi wenzulo, ndiye kuti aliyense atuluke. Tidafotokozera ana pa asembule, onse n'kuyankha kuti amva.

Tsiku loyeserera tidachita manyazi. A Sitandade 1, omwe ndi opitirira 100 m'chipinda chimodzi, adathamangira kukhomo nthawi imodzi, pomwe chitseko chimatsegukira m'kati. Chidatsekeka ndi iwo omwe. Aphunzitsi awo adachita kuwakoka mmodzimmodzi, kamtsikana kena katasupuka bondo. Ena atatuluka adabwereranso kukatenga majumbo a makope. Anyamata awiri adaliyatsa liwiro la kwawo. Titafika pachitunda n'kuyamba kuwerenga, ndidapeza kuti kaundula ndamusiya patebulo, ndipo ana atatu a kalasi langa lomwe kudalibe. Adali kuchimbudzi, osadziwa kanthu.

Tidakonza chimodzichimodzi. Komiti ya sukulu idapatula kangachepe pa ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, kalipentala n'kutembenuza mahinjesi kuti zitseko zizitsegukira kunja. Ana amatuluka mzere ndi mzere, kuyambira oyandikira khomo, chilichonse n'kuchisiya. Wamkulu aliyense wa Sitandade 7 ndi 8 ali ndi ang'ono ake awiri amene amawagwira dzanja, makamaka a mudzi umodzi, ndipo mnyamata wina woyendera ndodo ali ndi anzake awiri omuthandiza. Aphunzitsi awiri, bambo ndi mayi, ntchito yawo ndi kusuzumira m'zimbudzi. Kaundula amakhala m'jumbo yapulasitiki pamsomali pafupi ndi khomo, ndipo amaitanidwa m'mawa uliwonse, osati kungodzazidwa Lachisanu monga tinkachitira ena a ife. Manambala a foni a makolo, a PEA (mlangizi wa sukulu za m'dera lathu) ndi a kuchipatala ali papepala, poti nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 tidaona magetsi atazima masiku, mafoni onse n'kuthima. Machenjezo a nthambi ya zanyengo timamvera pa kawailesi ka mabatire.

Timayeserera kamodzi pa teremu, ndi kawiri mu Novembala mvula isanakhazikike. Ana tsopano amakutenga ngati masewera, zomwe sizindidandaulitsa.

Lamulo la chizindikiro chofiira lidayesedwa tsiku lina mu Febuluwale. Pasukulu kudali kadzuwa, koma Michesi osaoneka ndi mitambo. Tidawerutsa ena onse, a kutsidya tidawasunga mu Sitandade 8, akunyinyirika. Isanakwane 2 koloko tidamva mtsinje ukulindima tili pakhonde. Amayi adaphika phala, ana adagawana makapu chifukwa adali osakwanira. Madzi adaphwera chakumadzulo, makolo n'kuyamba kufika. Bambo a pamsonkhano aja adabwera thalauza atapinda, matope mpaka m'ntchafu. Adatenga mwana wawo ndi ana awiri a aneba, ndipo potuluka adandifunsa ngati ufa wa phala watsalako. Sabata yotsatira adatumiza ndowa ya chimanga.