Kachipinda koyatsira moto mu injini

Dzulo madzulo, pa galaja ina ku Jeppestown, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, tinakambirana ndi amakaniko anzanga ochokera kumudzi za luso lotchedwa prechamber ignition, ndipo mpaka pano nkhaniyi sikuchoka m'mutu mwanga. M'malo moti pulagi iyatse petulo mu silinda (chipinda chimene mafuta amapsera mu injini) mwachindunji, imayamba yayatsa m'kachipinda kakang'ono kamene kali pamwamba pake, kenako malawi amatuluka mwamphamvu kudzera m'timabowo tingapo n'kuyatsa malo ambiri nthawi imodzi, moti mafuta amapsa msanga.

Chovuta kwa opanga injini chili pa timabowoto. Tikachepetsetsa, moto umazima usanatuluke; tikakulitsa, malawi amafooka. Palinso utsi wotsalira m'kachipindamo, umene umasokoneza kuyaka injini ikamalira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kampani yopanga magalimoto ya Maserati inawonjezera pulagi yachiwiri pa silinda iliyonse ya injini ya Nettuno, imene inatuluka mu 2020 m'galimoto ya MC20.

Nzeruyi si yatsopano, pakuti Honda inaigwiritsapo ntchito mu injini zake zotchedwa CVCC m'zaka za m'ma 1970. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mwaye, chifukwa ukatseka timabowo totere, ambiri mwa ife tilibe zida zoyenera zotsukira popanda kuwononga kachipindako.