Nyimbo imodzi, omenya ng'oma awiri

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Anthu akamakangana zoti katswiri ndani pakati pa Bill Bruford ndi Alan White, omwe ankamenya ng'oma m'gulu la rock la Yes, ine ndinkangomva kuti onse akumenya bwino basi, khutu osagwira kusiyana kwenikweni. Sabata ino zalowa.

 Chomwe chanditsegula ndi ichi: osayerekeza oimba awiri pa nyimbo zosiyana. Tengani nyimbo imodzi yomwe onse anaiimbapo. Mwayi wake, gulu la Yes linatipatsa zimenezi. Bruford anajambula nawo chimbale cha Close to the Edge mu 1972, kenako n'kupita ku gulu la King Crimson. White analowa m'malo mwake, ndipo nyimbo zomwezo mumazimva akuzimenya iye pa Yessongs, chimbale cha pa siteji cha 1973. Chris Squire ali pa bezi konse kuwiri, Steve Howe pa gitala, Rick Wakeman pa kiyibodi. Wasintha ndi wa ng'oma yekha.

Ndiye mvetserani snare yokha, kang'oma kakang'ono kolira mokuthwa, dzanja likugunda pa ntchafu. Ya Bruford ndi yokungika, imalira mokweza ngati chitini, ndipo siigwa pomwe dzanja lanu likuiyembekezera. Mumagunda, iye kulibe, akutulukira pambali. Amasiya mipata kuti bezi ya Squire idutsemo, awiriwo n'kumasinthana. White amaiponda nyimbo pakati penipeni, mwamphamvu, mwina chifukwa anachokera ku rock yolunjika, ankamenyera John Lennon asanabwere ku Yes. Ndi iye, bezi ndi ng'oma zimayendera limodzi ndipo nyimbo imalemera. Liwiro silikukhudzidwa n'komwe apa. Nkhani ndi pomwe munthu wasankha kuika ndodo, ndi pomwe wasankha kuibweza.

Ine ndikuona kuti njirayi ikuposa buku lililonse la ng'oma. Imagwiranso ku gulu la Genesis, pakuti mu 1976 Bruford yemweyo anayenda nawo m'zoimbaimba akumenya nyimbo zomwe Phil Collins ankamenyera ng'oma, Collins ataima kutsogolo kuimba.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi anga sanandiuzepo zimenezi. Phunziro lililonse ndi metronome (kachipangizo kosunga liwiro la nyimbo) ndi kulimbitsa manja, ndikafunsa za kumvetsera amati tidzafika. Tidzafika liti? Nyimbo ya Close to the Edge payokha imapitirira mphindi 18, ndiye kuimva mofatsa ya Bruford ndi ya White yomwe kumafuna madzulo athunthu, ine ndikuweruka mdima utagwa kale.

Pomwe ndakakamira ndi pa Nick Mason, womenya ng'oma wa gulu la Pink Floyd. Amamenya zochepa, mosathamanga, ndipo mukamuika pafupi ndi akatswiri a ng'oma ngati Carl Palmer kapena Neil Peart amaoneka wotsalira. Koma ndikayesa kuganiza Palmer akudzaza mipata yonse ija, nyimbo zikundionongekera m'mutu. Kaya kudziletsa kumeneko ndi luso lofanana ndi la Bruford, kaya ndi malire a manja ake omwe anangogwirizana ndi gululo, njira yanga ija sikundiyankha.