Nsinjiro, dzira ndi botolo lomwe sindinadziwe pokhala

Kuno ku Chikwawa kuwerenga masana n'kudzizunza, thukuta limachita kudonthera pa kope. Mabuku ndimatsegula m'bandakucha, ndipo sabata ino ndakhala pa mutu wa zakudya zowenga. Ndikuphunzira unamwino, mwezi uno anatitumiza kukazolowera ntchito pachipatala china chaching'ono.

Lachiwiri kunabwera mayi ndi mwana wazaka ziwiri, milomo itatupa, zidzolo thupi lonse, akungodzikanda n'kumalira.

"Wadya chiyani mwanayu, mayi?" anafunsa a sisita.

"Dzira lokha, a nesi. Agogo ake ankanena ndithu kuti mazira si a ana."

A sisita anandiuza kuti ndimvetsere m'chifuwa ndi kuwerenga kapumidwe. Mwana ankapuma bwino. Kenako anandiyang'ana: "Adrenaline ali pati?" Ine kukamwa yasa. Ndinali nditaloweza kuti mankhwala opulumutsa munthu wowengedwa kwambiriwa amabayidwa pantchafu, cha kunja kwake, koma pomwe botololo limakhala m'chipinda chomwe ndagwiramo masabata atatu, sindinkapadziwa. Sanandikalipire. Anatsegula kabati, nandilozera, n'kunena kuti mwana akayamba kubanika, mawu kusasa, nthawi yofunsa sipakhala.

Usiku umenewo zomwe ndinkaloweza zinayamba kumveka. Thupi limalakwitsa, limaona puloteni wa m'dzira kapena mtedza ngati mdani, n'kupanga asilikali otchedwa IgE. Munthu akadzadyanso, asilikaliwo amadzutsa maselo otulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa histamine, mitsempha ya magazi imatakasuka, khungu limatupa, njira ya mpweya imapanikizika. N'zosiyana ndi munthu amene mkaka umangomutsegula m'mimba, ngakhale kumudzi zonsezi timangoti "chimandiwenga".

Chomwe chinanditengera nthawi ndi nkhani ya mtedza. Mu 2000 madokotala a ana ku America ankalangiza kuti mwana amene kwawo kuli ziwengo asalawe mtedza mpaka zaka zitatu. Mu 2008 dokotala Gideon Lack ndi anzake ku London anapeza kuti ana achiyuda a ku Britain mtedza unkawawenga pafupifupi kakhumi kuposa anzawo a ku Israel, komwe makanda amadya Bamba, kachakudya kokhala ndi mtedza. Ndiye anachita kafukufuku wotchedwa LEAP pa makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11 omwe anali kale ndi vuto lalikulu la khungu kapena owengedwa ndi dzira. Ena ankapatsidwa mtedza, ena ankawamana. Zotsatira zinatuluka mu 2015: pofika zaka zisanu, mwa omanidwa aja ana 17 pa 100 alionse mtedza unkawawenga, mwa odya aja atatu okha.

Ndinaseka ndekha ndi tochi m'manja. Amayi anga ku Ngabu phala la mwana lopanda nsinjiro saliwerengera kuti ndi phala. Ndipo chiponde chomwe timapereka kwa ana onyentchera, chija chinapulumutsa ambiri madzi atasefukira ndi Freddy mu 2023, nachonso n'cha mtedza. Komabe ndisanamizire amayi anga udokotala. Kwathu kuno mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, mtedza ukhale wosinja wopanda chuku osati wathunthu woti n'kumutsamwa, ndipo amene khungu lake lili kale ndi vuto aonedwe kaye kuchipatala.

Ndalama za LEAP zinachokera ku boma la America, koma FARE, bungwe la ku America loona za zakudya zowenga, linaikapo zake. Bungweli linabadwa mu 2012 mabungwe awiri ataphatikizana. Lina, FAAN, linayambitsidwa mu 1991 ndi Anne Muñoz-Furlong, mayi amene mwana wake ankawengedwa ndi mkaka ndi mazira, ndipo linkalimbikira kuphunzitsa anthu. Linalo, FAI, la 1998, linali la makolo ndi agogo osonkha ndalama za kafukufuku. Kafukufuku wotsata mwana kuyambira ali kumsana mpaka zaka zisanu amadya ndalama zoti kagulu kamodzi sikangathe, nchifukwa chake kuika thumba pamodzi kumathandiza, ngati mmene amayi a banki m'khonde amachitira.

Mawu a bungwe la FARE anafika mpaka ku nyumba ya malamulo. Mu 2021 America inakhazikitsa lamulo loika chitowe pa mndandanda wa zakudya zowenga zoyenera kulembedwa pa paketi, kukhala chachisanu ndi chinayi, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2023. Chitowe chomwechi chomwe alimi a ku Nsanje ndi kuno amapuntha pa lona n'kugulitsa kwa mavenda! Sindinaganizepo kuti kambewu kameneka kangatseke munthu pakhosi.

Makolo a ku America aja anafuna kudziwa kuti alipo angati komanso chowawengera ana n'chiyani. Ife m'kaundula tsiku lija munangolembedwa "ziwengo", basi, ngati kuti dzira, mlamba wa ku Elephant Marsh ndi mankhwala a Bactrim n'chimodzimodzi. Lachisanu mayi uja anabweranso, mwana ali gwa, akulimbirana bere. Ndinapempha a sisita ngati ndingalembe m'kabuku kake ka kuchipatala, patsamba loyamba, ndi zilembo zikuluzikulu: DZIRA LIMAMUWENGA. Anandipatsa cholembera chawo chofiira.

"Nanga mandasi, a nesi?" anafunsa mayiwo ali pakhomo. "Ena amaikamo mazira."