Lachiwiri: mafuta atsika mtengo, makatoni akadali phwii

Uthenga unalowa pa WhatsApp tikungotsegula okala ya a malume kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe: kampani yopanga mafuta ophikira yatsitsa mtengo. Tsoka ilo, a malume anaoda sabata yathayi kumaholoselo a kumunsi kwa tauni. Makatoni ali phwii kuseri kwa kauntala, mabotolo 12 a malita awiri mu iliyonse, ena tepi yake osamatula n'komwe.

"Mphwanga, usafufute kaye mtengowo," anatero. "Tione aneba atani."

Aneba sanachedwe. Pofika 10 koloko mayi a pakona anali atapachika kale chikatoni cholembedwa mtengo watsopano, poti awo mafuta anali atatsala pang'ono kutha. Makasitomala athu ankangofunsa, n'kupukusa mutu, ulendo wa pakona.

Masitolo akuluakulu otenga katundu pa akaunti amakhala ndi pokambira: amawerengetsa zotsala pashelefu, kampani n'kuwalembera credit note, kusiyanako n'kudzachotsedwa pa oda yotsatira. Wa okala amalipira madola a ku America pamanja, n'kupatsidwa risiti basi. Mtengo ukagwa, wagwera pampamba wake.

Masana anandikweza kombi kukatenga makatoni ochepa pamtengo watsopano. Tinaphatikiza ndalama zogulira akale ndi atsopano, n'kupeza mtengo wapakati woti tisaluze kwambiri. Mabotolo ena tinawatsegula n'kuthira m'timapepala ting'onoting'ono togulitsa pang'onopang'ono, timene kuno amati tsaona. Wogula mafuta a ndiwo za tsiku limodzi sawerengera za malita awiri, ndiye kaphindu kamabisala mmenemo. Ena tinawamanga pamodzi ndi shuga ndi mchere pamtengo umodzi. Zoti alembe mtengo wakale m'kabuku ka angongole ndinakana ine. Anthu amenewo ndi omwe amatidyetsa mwezi ukafika pakati.

Madzulo tikuwerenga ndalama ndinawakumbutsa za pa 27 September 2024, tsiku limene Reserve Bank inagwetsa mphamvu ya ZiG, ndalama ya dziko lino. Dzuwa lisanalowe iwo anali atakweza mitengo yonse, ngakhale ya sopo amene anachita fumbi pashelefu. Ankati wamalonda amayang'ana mtengo wokaodera mawa, osati wadzulo.

"Nanga lamulo lija lero lapita kuti, malume?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe, tseka zenera ilo, udzudzu ukulowa."