Tomato wathu wa m'ndowa ku Machinjiri

Kuseri kwa nyumba yathu ku Machinjiri kuli shedi ya pulasitiki yomangidwa ndi mitengo ya bulugamu, ndipo mkati mwake mwandandalika ndowa 120 m'mizere inayi. M'ndowa iliyonse muli tsinde limodzi la tomato wa cherry, uja wamng'onomng'ono wobereka m'matsango ngati mphesa. Dothi mulibemo ngakhale lodzaza dzanja. Mizu imagwira m'mankhusu a mpunga owaula osakaniza ndi mchenga wotsuka, ndipo chakudya chonse chimabwera ndi madzi odontha kuchokera m'timapaipi. Ulimi umenewu ndi umene amautcha hydroponics.

Chinatitengera kumeneku ndi dothi la pamalo pathu. Zaka ziwiri zotsatizana tomato ankakula bwinobwino, koma akangoyamba maluwa ankafota tsiku limodzi masamba akadali obiriwira. Ndi matenda okhala m'nthaka, ndipo akalowa sachoka msanga. Mu Ogasiti 2022 ine ndi bambo a kunyumba tinagula ndowa 20 zoyesera. Amayi anga, omwe akhala akulima tomato ku Ntcheu moyo wawo wonse, atabwera kudzationa anaima pakhomo pa shedi manja ali m'chiuno.

"Mwanawe, uyu si phwetekere wa padzala uja? Ndiye pali munthu angatulutse ndalama kugula ameneyu?"

"Amagula amayi, a m'malesitilanti ndi m'mahotela m'tauni."

"Nanga adya chiyani poti dothi palibe?"

Funso limenelo ndinaliyankha mopepuka, koma ndi limene latidyera ndalama ndi tulo kuposa china chilichonse.

Poyamba ndinachita zimene ndinazolowera kumunda wa chimanga. Ndinasungunula feteleza wa 23:21:0+4S ndi urea mumgolo n'kumathirira. Pansi pa mgolo panatsala matope, timapaipi tinatsekeka, ndipo mbewu zinangochita masamba akuluakulu obiriwira moderako, maluwa osaoneka. Ndinadzazindikira mochedwa kuti ziro uja wa pathumba akutanthauza kuti potaziyamu mulibe, pomwe tomato akayamba kubereka amafuna potaziyamu wambiri kuposa mchere wina uliwonse. Urea nayenso amadalira tizilombo ta m'dothi kuti timusandutse chakudya chimene mizu ingamwe, ndiye m'ndowa ya mankhusu ndi mchenga wotsuka tizilomboto n'tochepa. Nditapita kukafuna calcium nitrate, wogulitsa m'sitolo ina anandipatsa CAN nati ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi ayi. CAN sasungunuka yense, amasiya zoyera pansi, ndipo theka la nayitrojeni wake ndi wa mtundu wa ammonium, umene ukachuluka umalepheretsa mbewu kumwa kashiamu. Thumba limenelo linakathera ku chimanga.

Lero tili ndi zigubu ziwiri, china cholembedwa A, china B. Mu A timasungunula calcium nitrate ndi ayironi. Mu B mumalowa potassium nitrate, monopotassium phosphate, magnesium sulphate (mchere uja ena amaudziwa kuti Epsom) ndi timichere tofunika pang'onopang'ono monga boron, zinc ndi manganese. Zonse timayeza pa sikelo, osati ndi supuni kapena ndi maso. Zigubu ziwirizi sizikumana zikadali zamphamvu. Tsiku lina ndili pachangu chopita ku maliro ndinathira A ndi B m'ndowa imodzi ndisanaike madzi. Nthawi yomweyo zinayera ngati laimu wopakira nyumba, kenako zinadikha pansi ngati phala. Kashiamu anali atagwirana ndi sulphate ndi phosphate n'kukhala chinthu chosasungunukanso, chimene muzu sungamwe. Ndinataya zonse, ndipo mtima unandiwawa chifukwa zinali za sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo timayamba tadzaza thanki ndi madzi, kuthira A, kutakasa bwino, kenako B.

M'mawa uliwonse, ana asananyamuke kupita kusukulu, ndimatenga timamita tiwiri tooneka ngati zolembera n'kutiviika m'thanki. Kena kamayeza EC, kutanthauza kuchuluka kwa mchere m'madzi. Mbande zongowokera kumene ndimazipatsa pakati pa 1.5 ndi 2.0, ndipo zikayamba kubereka ndimakweza pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 2.5 kapena 3.0. Kachiwiri kamayeza pH, nambala yosonyeza asidi wa m'madzi (asidi akachuluka imatsika), yomwe iyenera kukhala pakati pa 5.5 ndi 6.5. Madzi athu a pampopi amakhala pamwamba pa pamenepo, choncho ndimadonthezamo phosphoric acid mpaka nambala itsike. Ndimayezanso madzi otuluka pansi pa ndowa, chifukwa amenewo ndi amene amandiuza zimene zikuchitika kumizu. Akakwera kwambiri kuposa a m'thanki, ndiye kuti mchere waunjikana, ndipo ndimatsukuluza ndowazo ndi madzi ambiri a mchere wochepa. Manambala onse ndimalemba m'kope.

Masamba nawonso amalankhula ukawazolowera. Akumwamba ang'onoang'ono akachita chikasu mitsempha yokha ili yobiriwira, ndi ayironi, ndipo kawirikawiri si kuti m'madzi mulibe, koma pH yakwera moti mizu ikulephera kumutenga. Chikasu chomwecho chikayambira masamba akale apansi, ndi magnesium.

Phunziro lowawa kwambiri linabwera mu Okutobala chaka choyambacho. Aliyense wa mu Blantyre akudziwa mmene dzuwa la mwezi umenewu limaswera mtengo, ndipo mu shedi ya pulasitiki kumakhala ngati mu uvuni. Magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pampu n'kuima, ndowa n'kuuma. Akayaka ndinkathirira kwambiri kuti ndibwezere. Patapita masiku ndinatembenuza tsango lina lomwe ndinkaliyembekezera, ndipo tomato aliyense anali ndi banga lakuda kunsi kwake, lophwa ngati wina wadindapo ndudu yoyaka. Ndinayenda mzere wonse ndikutembenuza, zomwezo. Ndinaganiza kuti ndi matenda, ndinagula mankhwala n'kupopera, osasintha kanthu. Sanali matenda. Kashiamu amayenda ndi madzi okhaokha, ndipo kukatentha masamba ndi amene amakoka madzi ambiri, chipatso n'kumalandira zotsala. Madzi akadukiza ngakhale maola ochepa, kunsi kwa chipatso kumene kukukula kumasowa kashiamu n'kufa. M'thanki kashiamu analimo wokwanira, chimene chinasowa ndi madzi omufikitsa. Tinataya mabeseni awiri odzaza, ndipo malesitilanti awiri omwe ndinawalonjeza ndinakawapepesa pamaso.

Bambo a kunyumba ndi amene anapeza nzeru. Anamanga nsanja, nakweza thanki pamwamba kuti madzi azitsika okha, ndipo pambuyo pake tinagula sola yaing'ono yoti pampu izidzazira thankiyo. Panopa nyengo yotentha timathirira pang'onopang'ono kambirimbiri pa tsiku, ndipo EC ndimaitsitsa, poti mbewu imamwa madzi ambiri kusiya mchere m'ndowa. Nyengo ya chiperoni mu Juni ndi Julayi ndimachita zosiyana, ndimaikweza pang'ono. Tomato amachepa msinkhu koma amatsekemera kwambiri, ndipo ophika amene timawagulitsa amazindikira msanga akangolawa.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anang'amba pulasitiki yonse. Mvula inadzaza m'ndowa masiku angapo n'kukokolola chakudya chonse, tomato wakupsa n'kung'ambika. Sitinadandaule mokweza, poti anzathu ku Chilobwe anataya abale ndi nyumba zomwe. Tinakhoma pulasitiki ina n'kufesanso. Kenako mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo popeza michere yonseyi imachokera kunja, mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Apa m'pamene tinasiya kutaya madzi otuluka m'ndowa. Timawakhongozera mumgolo n'kuthirira bedi la mpiru ndi repu kunja kwa shedi, ndipo masamba amenewo ndi amene amagulidwa ndi anansi athu pakhomo pomwe.

Timathyola Lolemba ndi Lachinayi, m'mawa kusanatenthe, n'kulongedza m'timabokosi ta magalamu 250. Mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amakasiya ku Namiwawa, ku Sunnyside ndi ku Limbe. Tikufuna kuwonjezera mzere wachisanu, koma tidikira mpaka titapeza thanki yachiwiri, chifukwa madzi a pampopi nawonso amatha osatsanzika.

Amayi anabweranso mwezi wathawu. Ndinawapeza mu shedi m'mamawa atanditsogolera, akuchotsa mphukira za m'khwapa mwa masamba ndi zala monga amachitira kwawo. Atafika pa ndowa ya kumapeto anaima, natembenuza tsamba lapansi.

"Iwe, uyu wayamba chikasu. Bweretsa kacholembera kako kaja tione."