Madala sanandiyankhulebe

Tulo takana. Mbale ndatsuka, nyumba yonse yagona, koma nkhope ya madala ija ikungondibwerera m'maso.

Lero kunali Yom Kippur, tsiku lopatulika kwambiri la Ayuda, Glenhazel yense, dera la Ayuda ambiri mu Johannesburg, ali zii, magalimoto ochita kuwerenga. Ayuda amasala maola pafupifupi 25, osalawa ngakhale dontho la madzi, kuyambira dzulo dzuwa lisanalowe. Madala amene ndimawasamalirawa ali ndi zaka 81, amadwala shuga ndipo amabaya insulin tsiku lililonse. Adokotala anawachepetsera mlingo n'kuwaletsa kusala kwathunthu. Rabi wawo, mtsogoleri wa chipembedzo chawo, naye anagwirizana nazo, akuti moyo wa munthu umaposa lamulo la kusala, iwo amati pikuach nefesh. Anawauza kuti azimwa pang'onopang'ono, madzi osadzaza tsaya limodzi, pakangodutsa mphindi 9. Kakapu kake tinayezeratu dzana. Madala anavomera ndi mutu wokha. Mpaka masana kanali pomwe ndinakasiya, kodzaza.

Cha m'ma 2 koloko ndinawapeza pampando, atavala zoyera ndi nsapato zansalu, poti zachikopa savala tsikuli. Thukuta kamukamu pamphumi, buku la mapemphero likunjenjemera m'manja. Ndinawabaya chala, kamakina koyezera shuga n'kuonetsa 3.4. Shuga akatsika pansi pa 4 sitiyezanso za tsaya, ndinathira juwisi wa mphesa theka la tambula.

"Agogo, imwani."

"Chiyambire ndili ndi zaka 13 sindinaphonyepo."

"Nanga a Rabi anati chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati ndawalanda chinachake. Ndinagwada, tambula m'manja, mtima uli phaphapha, ndikuwerengera kuti akakomoka ndiyambe kuimbira ndani. Kenako anamwa, maso atatsinzina, msozi n'kutsikira m'ndevu. Patatha mphindi 15 kamakina kanati 5.2. Ine ndinapuma, iwo anatembenukira kukhoma.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ndikuwamvetsa. Mayi anga ku Dedza nawo ali ndi shuga, koma kumpingo akalengeza kusala amabisa mapilitsi m'chitenje kuti tisawavute. Pafoni ndimawakalipira, ndikaika foniyo ndimadzimva ngati ndine ndikuwatsekereza kwa Mulungu wawo.

Usiku banja litabwera kusunagoge tebulo linadzaza: mabanzi a sinamoni omwe amati bulkas, mabisiketi a kichel othira shuga pamwamba, nsomba ya herring yogayagaya. Nkhawa yanga inatembenuka, tsopano ndikuopa kuti shuga akwera. Madala anatenga banzi lachiwiri akundiyang'ana m'maso. Ndinangokhala chete, inenso mphamvu zinali zitandithera. Pogona anali pa 13.8. Mwana wawo wamkazi anandikumbatira kukhitchini, kuthokoza kosalekeza, koma eni akewo ngakhale "ugone bwino" wa masiku onse sanandipatse.

Mawa ayamba kumanga kamsasa ka chikondwerero chawo cha Sukkot kuseri kwa nyumba, masiku 7 akudyera momwemo. Ndatchera alamu ya 3 koloko kuti ndikawayezenso. Kaya akanditambasulira chala.